Mkaka woyamba usatayidwe, madzi ndi phala zidikire

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga apongozi ndi agogo a kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga. Anamwino amaphunzitsa mayi woyembekezera ku sikelo, iye nkuvomera zonse, koma akachira nkulowa m'chikuta, ogamula kuti mwana asambe liti ndiponso amwe chiyani timakhala ife. Ndinali mzamba wa kuchipatala mpaka ndinapuma, pano ndikulera zidzukulu, ndiye mbali ziwirizi ndikuzidziwa.

M'matumbo mwa munthu wathanzi mumakhala mabakiteriya (tizilombo tosaoneka ndi maso) osawerengeka amene amamuthandiza kugaya chakudya, kupanga mavitamini ena monga vitamini K, kutchinga tizilombo totsegula m'mimba, ndiponso kuphunzitsa chitetezo cha m'thupi. Mwana akakhala m'mimba mwa mayi ake sakhala nawo kwenikweni. Amawatenga pobadwa, m'njira yoberekera, kenako pakhungu la mayi ndi pabere. Matumbo ake tsiku limenelo ali ngati munda wongolimidwa kumene: chimene chayamba kugweramo ndi chimene chimamera. Kafukufuku wa mu 2012, amene anayeza ana a ku Malawi, Venezuela ndi America, anapeza kuti pamapita zaka pafupifupi 3 kuti mabakiteriya a mwana afanane ndi a munthu wamkulu.

Ena mudzati izi n'za azungu. Ayi, zinaoneka tsidya lomweli. Mu 2013 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa mapasa oposa 300 awiriawiri a ku Malawi. Panali mabanja amene mwana mmodzi ankatupa ndi kwashiorkor mnzake ali bwinobwino, chikhalirecho akudya mumphika umodzi. Ofufuza anatenga mabakiteriya a m'chimbudzi cha anawo nkuika mu mbewa za m'labotale, nkumazidyetsa chakudya chonga chathu, ufa wa chimanga ndi masamba. Mbewa zimene zinalandira mabakiteriya a ana otupa aja zinawonda kwambiri. Mwana wotere kwathu kuno timathamangira kunena kuti ndi tsempho, nkuyamba kuitanitsa bambo ake kuti aulule.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mkaka woyamba, wachikasu uja. Ndaonapo ndi maso anga mayi wachikulire atagwira bere la mpongozi wake, akufinyira mkakawo pakansanza, akuti ndi woipa, wakhalitsa m'bere. Pambali panali kapu ya madzi a shuga ndi kasupuni, khanda likutsegula kukamwa kufunafuna bere. Sanali mayi wankhanza. Ankachita zimene naye anachitiridwa. Koma timadontho timene tinathera pansanza timeneto muli chitetezo chimene chimakuta matumbo a mwana mkati kuti matenda asapeze polowera. Ndipo mu mkaka wa m'mawere muli mitundu ya shuga yoposa 100 imene mwanayo sangathe kugaya. Ndi chakudya cha mabakiteriya otchedwa Bifidobacterium, amene akachuluka amachititsa m'matumbo kukhala mowawasa, tizilombo toipa nkulephera kuswana. Madzi a pachitsime, ngakhale aoneke oyera, alibe zimenezi, ndipo amabwera ndi tizilombo tawo.

N'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana ayamwe mkati mwa ola loyamba, ndipo kwa miyezi 6 alandire bere lokha. Ndikuti lokha. Osati bere ndi timadzi poti kunja kwatentha, osati bere ndi phala lamadzimadzi poti akulira usiku, osati bere ndi mankhwala a liwombo. Mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV, kusakaniza kumeneku n'koopsa kuposa, chifukwa kumawonjezera mpata woti kachilombo kalowe mwa mwana.

Kusambitsa nako tisamakupupulume. Zoyera zonga mafuta zimene mwana amabadwa nazo si litsiro, zimateteza khungu. Mpukuteni ndi nsalu yoyera, mumugoneke pachifuwa cha mayi ake khungu ndi khungu, mufunde onse awiri. Madzi osamba adikire maola 24. Ndi kuzizira kwa kuno mu Juni ndi Julayi, khanda losambitsidwa usiku limatha kuzizidwa mpaka kulephera kuyamwa. Pamchombo pasapite phulusa kapena dothi. Ngati kuchipatala akupatsani mankhwala opaka, pakani amenewo basi.

Za amene achira ndi opaleshoni, chonde tileke kuwanena kuti ndi aulesi. N'zoona kuti mwana wotuluka ndi mpeni amayamba ndi mabakiteriya osiyana, ambiri a pakhungu ndi a m'chipatala. Anaziona ku Britain mu 2019 pa ana pafupifupi 600. Koma anapezanso kuti mwana akamakula m'chaka chake choyamba kusiyanako kumachepa kwambiri, ndipo bere limathandiza. Opaleshoni imapulumutsa mayi amene njira yamuchepera kapena mwana wagona mopingasa. Kumwetsa mwanamphepo kuti achire msanga asanafike kwa dokotala kwang'ambitsa chiberekero amayi ambiri. Amene mumakhala kutali, pitani msanga mukadikirire kunyumba yodikirira ya pachipatala, casa de espera ija, ndipo apongozi mutumize ufa ndi nyemba m'malo moletsa. Mayi wa opaleshoni akatsitsimuka, ntchito yathu ndi kumugwirizira mwana pabere, poti yekha sangadzuke.

Zonsezi zimayamba mimba ikadali. Kumaliseche kwa mayi wapakati kumakhala mabakiteriya a Lactobacillus amene amalondera njira. Kutsuka mkati ndi sopo kapena kuikamo zitsamba zoumitsa kumawathamangitsa. Chikazi chikayamba kununkha, imeneyo ndi nkhani ya ku sikelo, chifukwa matenda otero amatha kubadwitsa mwana masiku asanakwane. Chakudya tili nacho: nyemba, khwanya, nkhwani, bonongwe, mgaiwa. Tisagulitse nyemba zonse pamsika wa Ulónguè mpongozi nkumadya nsima ya ufa woyera ndi mchere.

Chomaliza ndi makapisozi ogulitsidwa limodzilimodzi pamsika, pafupi ndi sopo ndi machesi. Mwana akangotsokomola, munthu amatsegula kapisozi nkusungunula ufawo m'supuni. Mankhwala amenewa sasankha, amapha mabakiteriya oipa ndi abwino omwe, ndipo chimfine wamba sachiza. Chibayo chikapezeka kuchipatala, pamenepo inde, mwana amwe monga mwauzidwira mpaka amalize. Akatsegula m'mimba, chofunika ndi bere pafupipafupi, madzi a ORS ndi mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14.

Pempho langa kwa akuluakulu azaumoyo ndi loti pakhale tsiku la sikelo limene mayi woyembekezera azibwera ndi apongozi ake kapena amayi ake omubereka, amve limodzi ndiponso afunse mafunso awo popanda kusekedwa. A wailesi ya Rádio Moçambique ku Tete, amene mumaulutsa m'Chinyanja, ikaninso nkhaniyi madzulo anthu ataweruka kumunda, ndipo odzalankhula akhale amayi achikulire anzathu.

Mzamba wopuma pantchito,
Ulónguè, Angónia