Za foni ya mayi ija

Lizulu, Ntcheu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Cape Town pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chisanu chabwera ndi ukali chaka chino, m'mawa nkhungu ikumatseka msewu wa M1 mpaka malole kuyenda atayatsa nyali. Mayi ndinawaona Lamulungu potuluka m'tchalitchi. Ali ndi mphamvu, akukumba kachewere kudimba.

Uthenga wanu ndinaumva, woti mukufuna kuwatumizira iPhone yanuyo inu mugule ina. Poti mwafunsa maganizo anga, ndisakubisireni: musatumize. Igulitseni komweko, ndalamayo tiwagulire ya Android kunoko. Ndikudziwa kuti inu a iPhone mukayamba kuitamanda simulola mnzanu kuyankhula, koma tandimvani kaye.

Mwaiwala kodi kuti kwathu kuno msewu ndiwo malire? Ukawoloka kukagula tomato tsidya linalo uli kale ku Mozambique. Munthu wa pa Lizulu amayenda ndi masimu awiri kapena atatu: Airtel, TNM, ena ndi Movitel ya tsidyalo. Wogula kabichi wina amalipira pa Airtel Money, wina pa Mpamba, ndiye mayi sangasankhe imodzi. iPhone zambiri zimalowa simu imodzi yokha, yachiwiriyo ndi eSIM, yosaoneka ndi maso, yomwe sungaichotse n'kuika m'kafoni kena batire ikatha. Zina zogulitsidwa ku America kuyambira pa iPhone 14 zilibiretu polowetsa simu. Pomwe Tecno kapena Itel ya mtengo wochepa imalandira masimu awiri, n'kutsalanso malo a memole khadi.

Memole khadiyo musaiderere. Nyimbo za kwaya ya amayi a Chigwirizano, maulaliki, mavidiyo a pa ukwati, mayi sakazitenga pa intaneti ayi, bandulo yake ingachokere kuti? Amapita kwa anyamata a kompyuta pamsika kukawaikira pa khadi, kapena mdzukulu amawatumizira pa Bluetooth. iPhone ilibe polowetsa khadi, ndipo Bluetooth yake imakana kulandira nyimbo kuchokera ku foni ya Android. Mayi adzakhala ndi foni yodula kuposa onse m'mudzi koma yosamvana ndi ya wina aliyense.

Zinthuzi sizinangochitika mwangozi, ndi mmene eni ake anazikonzera kuyambira pachiyambi. Steve Jobs atatulutsa iPhone yoyamba mu 2007, Apple inasankha kupanga yokha zonse, foniyo ndi iOS yoiyendetsa, osabwereka wina aliyense. Google inatenga njira ina. Inagula Android mu 2005, foni yoyamba inatuluka mu 2008, kenaka inalola aliyense wopanga mafoni kuti aitenge. Nchifukwa chake Samsung, Xiaomi, Tecno ndi ena onsewa kunja kokha ndiko kusiyana, m'kati ndi amodzi. Apple inatsata anthu a ndalama, Google inatsata chigulu, ndipo chigulucho ndife.

Mukukumbukira mmene tinkasirira BlackBerry tili pa Dedza boma, aliyense akufunsa PIN ya BBM, pulogalamu yake yotumizirana mauthenga? Lero ili kuti? Nokia nayo, yomwe inkagwa pamwala osasweka, inasiya Symbian, pulogalamu yoyendetsa mafoni ake, n'kukwera ya Windows Phone, Microsoft n'kugula gawo lake la mafoni mu 2014, koma zinakanika. Sikuti mafoniwo anali oipa. Opanga mapulogalamu ndiwo anawathawa, n'kumangopangira Android ndi iOS, ndipo foni yopanda mapulogalamu omwe anzako ali nawo palibe amaifuna. Huawei inalawako zomwezo mu 2019 boma la America litailetsa kugwira ntchito ndi Google, mpaka inayamba yakeyake yotchedwa HarmonyOS. Choncho wina akakunyengererani ndi Huawei yatsopano yotchipa kumeneko, yambani mwaona ngati Play Store, kotengera mapulogalamu a Android, ilimo.

Chondiseketsa n'chakuti mkangano weniweni pamsika pano si wa iPhone ndi Android. Anyamata a kabaza amatha ola lathunthu akutsutsana, uyu akuti Tecno ndiye foni, uyo akuti Infinix, wa Itel akunyozedwa kuti yake ndi ya agogo. Sadziwa kuti zitatu zonsezi ndi za kampani imodzi, Transsion ya ku Shenzhen ku China, ndipo ndalama zawo zikukathera m'thumba limodzi. Komatu kampaniyo ndimaipatsa ulemu. Inabwera kudzaona mmene tikukhalira, n'kupanga foni ya masimu awiri, ya batire yochedwa kutha, ndi kamera yojambula bwino khungu lakuda. Kwa mayi, omwe amatchajitsa foni pa sola ya aneba kapena kulipira pa golosale, batire ndiye nkhani yaikulu kuposa kamera.

Nanga ikagwa? Sikirini ya Tecno mnyamata wokonza mafoni pano amasintha uli chiimire. Ya iPhone mpaka aitanitse ku Lilongwe, ndipo mtengo wake ungagule foni ina yathunthu. Tchaja nachonso. Yanuyo ndi ya Lightning, poti Apple inasinthira ku USB-C pa iPhone 15 mu 2023 malamulo a ku Europe ataikakamiza. Chingwe chikaduka, palibe khomo m'mudzi muja lomwe angakabwereke. Ndiye pali ya iCloud, akaunti ya Apple yomwe foniyo imamangirirwapo. Mukangoiwala kuchotsamo akaunti yanu, kapena mdzukulu akaiseweretsa n'kuitseka, yasanduka galasi lodziyang'anirapo basi. Zotsekeka chonchi ndaziona kwa okonza mafoni, zobwera kuchokera kwanuko, eni ake akuzigulitsa ngati zida zokonzera zina.

Sindikunena kuti iPhone ndi yachabe, ayi. Apple imapitiriza kuzikonza foni zake kwa zaka zambiri, pomwe Android zotchipa zambiri zimangosiyidwa mmene zinatulukira ku fakitale. Pakapita chaka zimayamba kuzizira, malo adzaza, ukatsegula WhatsApp n'kumadikira. WhatsApp yomweyo inasiya kugwira pa Android zakale zosafika 5.0 mu 2023, ena anangodzuka foni ili bwinobwino koma mauthenga osalowa. Ndiponso ulemu wa iPhone kuno ulipo ndithu. Atsikana amadzijambula pagalasi dala kuti kachipatso kaja ka chizindikiro cha Apple kaoneke, ndipo kuli zina zachinyengo zokhala ndi kachipatso kunja koma m'kati muli Android. Koma mayi sakusaka ulemu umenewo. Akufuna kuona nkhope za adzukulu awo, kutumiza mawu pa WhatsApp poti kulemba kumawavuta maso, ndi kulandira ndalama.

Maganizo anga ndi awa: tisagule yotchipitsitsa. Tipeze Samsung ya mtundu wa A kapena Tecno yapakatikati, ya RAM ya 4GB, malo osachepera 64GB, batire ya 5000mAh. Tiikire chikuto cholimba ndi galasi loteteza, poti izipita nawo kudimba. Ndiwakulitsira zilembo ndi kuwaikira chithunzi chanu poonekera kuti akangodina akupezeni. Kafoni kawo ka mabatani kaja asakataye. *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba zimagwira bwino pomwepo, ndipo kamatha masiku osatchaja.

Ndalama musatumize kaye. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya mafoni siikhazikika, wogulitsa amakuuza ina m'mawa ina madzulo. Loweruka ndikupita ku Lilongwe kukasiya mbatatesi, ndikazungulira m'mashopu n'kukutumizirani zithunzi ndi mitengo yake, musankhe nokha. Mukagwirizana nayo mudzatumize pa Mukuru, ndipo muonjezereko ya bandulo ya mwezi woyamba.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mayi akufunsa ngati mubwera pa Khirisimasi, ine ndawauza kuti adzakufunse okha pa foni yatsopanoyo.

Ndine mnzanu,
wa pa Lizulu