Kalata yoyamikira kampani ya Fender pa besi yokumbukira zaka 60 za Jazz Bass

Kwa akuluakulu ndi amisiri onse,
Fender Musical Instruments Corporation

Okondedwa mabwana ndi amisiri,

Landirani moni wanga. Ndine woimba besi gitala, ndipo ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni chifukwa cha chida chimodzi chimene munatulutsa m'chaka cha 2020, pokumbukira kuti Jazz Bass yakwanitsa zaka 60. Ndikunena besi ija munaitcha 60th Anniversary Road Worn Jazz Bass, yopangidwa ku fakitale yanu ya ku Ensenada m'dziko la Mexico. Munapanga zowerengeka n'kusiya, ndipo imodzi mwa izo inagwera m'manja mwanga. Kuchokera pamenepo ndi imene ndimanyamula popita kokonzekera nyimbo, kokaimba pagulu ndi kokajambula ku situdiyo. Besi zina ndili nazo, koma zimatsala kunyumba.

Oimba ambiri tikamva kuti kwatuluka gitala yapadera, yopangidwa zochepa chabe, timayamba takayika. Tinazionapo zambiri zimene kusiyana kwake ndi zanthawi zonse kumangokhala mtundu wa penti ndi kachizindikiro kumbuyo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iyi yokha munaiganizira mpaka m'kati, ndipo ndikufuna mudziwe kuti alipo amene anaziona zimenezo.

Ndiyambe ndi mabatani ake. Jazz Bass imene anthu ambiri amaidziwa ili ndi mabatani atatu: awiri a voliyumu, lililonse la pickup yake (kachipangizo kotola mawu a nsambo), ndi limodzi la tone, losintha kamvekedwe ka mawu, loyendetsa zonse pamodzi. Zoyambirira za mu 1960 sizinali choncho. Zinali ndi mabatani awiri osanjikiza, kamutu ka pamwamba n'kukhala ka voliyumu, mkombero wa pansi n'kukhala wa tone, pickup iliyonse ndi ake. Pofika 1962 kapangidwe kameneka kanali katasiyidwa, moti oimba ambiri a lero sanakagwirepo n'komwe. Inu munakabwezeretsa pa besi iyi. Munthu wosaimba anganene kuti n'zazing'ono, koma kwa ine zinasintha kaimbidwe. Ndimatha kuphimba mawu a pickup ya kukhosi kuti akhale ozama ndi olemera, n'kusiya ya kufupi ndi bridge (chitsulo chogwira nsambo pathupi la gitala) ili yotseguka kuti chala chikakoka nsambo chizimveka. Nyimbo ikafuna kuti besi ibisale pansi pa ng'oma ndimapotokola mkombero umodzi basi, ikafuna kuti ituluke poyera ndimapotokola winawo, osapita ku ampulifaya. Ndikasiya pickup imodzi yokha pamamveka kaphokoso ka magetsi kaja ka mmmm, monga zimakhalira ndi pickup zonse za mtundu uwu wotchedwa single-coil, koma ndikakweza zonse ziwiri mofanana kamazimiririka, chifukwa waya wake anakulungidwa mosemphana. Nzeru imeneyi ndi ya mu 1960, ndipo ikugwirabe ntchito.

Khosi lake nalo ndimaliyamikira. Kumtunda kwenikweni, kumene nsambo zimachokera, ndi lopapatiza inchi imodzi ndi theka, pamene besi yanu ina ya Precision Bass yakale inali inchi imodzi ndi makota atatu. Kota ya inchi imaoneka ngati si kanthu, koma ukaimba usiku wonse dzanja lamanzere limadziwa kusiyana kwake. Kutalika kwa nsambo ndi mainchesi 34, muyeso womwe Leo Fender, woyambitsa kampani yanu, anasankha pa Precision Bass ya mu 1951 ndipo makampani ena ambiri anautsatira. Nsambo yaikulu ya E ikalira yosagwira, imanjenjemera pafupifupi maulendo 41 pa sekondi imodzi. Pa besi iyi liwu limenelo limamveka lodzaza, silimwazika, ndipo ndimalimva m'nthiti thupi la gitala likandigunda.

Koma chachikulu chimene chandichititsa kulemba ndi penti yake, ngakhale ndikudziwa kuti ndi pamene oimba amatsutsana kwambiri. Munaipaka nitrocellulose, vanishi wopyapyala amene ankapakidwa pa magitala anu m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, asanabwere mapenti olimba a polyester ndi polyurethane. Kenako munaikalambitsa dala ikadali ku fakitale: kuperepeseka m'mbali, timikwingwirima apa ndi apo, zitsulo zosanyezimira. Anzanga ena amati zimenezi n'chinyengo, kuti zipsera za gitala ayenera kuziika ndi mwini wake poimba, osati mmisiri. Ndimawamvetsa, ndipo mfundo yawo si yopanda pake. Komabe ine ndinaona china. Munthu ukagula chida chimene ukudziwa kuti sichidzapangidwanso, mantha amakugwira. Umaopa lamba wa thalauza kuti angachikande, umaopa kuchitsamiritsa pa ampulifaya, umaopa kubwereka mnzako ngakhale nyimbo imodzi. Mapeto ake chimakhala m'bokosi pansi pa bedi, ndipo iwe umakaimbira china. Besi iyi inafika ili kale ndi zipsera, choncho panalibe chipsera choyamba choti ndichiope. Tsiku lomwe ndinaitulutsa m'katoni ndi lomwe ndinapita nayo kokaimba.

Lero zipsera zanga zasakanikirana ndi zanu. Pamene mkono wanga wamanja umatsamira, penti yatha mpaka thabwa likuonekera. Pamwamba pa pickup ya kukhosi, pamene ndimaika chala chachikulu, pasalala. Kumbuyo kwa khosi kwadetsedwa ndi thukuta m'malo amene dzanja limakhalitsa, ndipo munthu wodziwa besi atayang'ana angadziwe kuti ndimakonda kuimbira pati. Penti yolimba ya masiku ano siingachite zimenezi. Nitrocellulose amafuna chisamaliro chake, n'zoona: sagwirizana ndi mphira wa pa zoikirapo magitala zina, ndipo kutentha kukasinthasintha mwadzidzidzi amachita ting'alu. Ndimayala kansalu pa choikirapo, ndipo ndikachoka pozizira kulowa potentha ndimaisiya kaye m'bokosi. Ntchito imeneyi siindilemera.

Za thabwa la pamwamba pa khosi, pamene zala zimaponda, ndingonena mwachidule. Munaika pau ferro m'malo mwa rosewood, monga munayambira kuchita pa magitala ambiri a ku Mexico pangano la maiko loteteza zomera ndi nyama la CITES litakhwimitsa malonda a mitengo ya rosewood mu January 2017. Ena amadandaula kuti mtundu wake ndi wowala kwambiri. Kwa ine ndi losalala pansi pa chala, ndipo mtima wanga umakhala m'malo podziwa chifukwa chake munalisankha.

Anthu amandifunsa kawirikawiri ngati ndingaigulitse. Ena amandilangiza mokoma mtima kuti ndiisunge bwino, popeza zinthu zopangidwa zochepa zimakwera mtengo zikakhalitsa. Sinditsutsa kuti zimatheka. Koma ndikaganiza za besi zanu zimene dziko limazikumbukira, palibe imene inatchuka chifukwa chosungidwa. James Jamerson anajambula nyimbo zosawerengeka za kampani ya nyimbo ya Motown ku Detroit ndi Precision Bass ya mu 1962, nsambo zake zosalala za flatwound osazisintha pokhapokha zitaduka, chifukwa ankakhulupirira kuti litsiro la pa nsambo ndilo linkamupatsa liwu lake. Besi imeneyo inabedwa iye atatsala pang'ono kumwalira mu 1983, ndipo nkhaniyi imandiwawa nthawi iliyonse ndikaikumbukira. Jaco Pastorius anachita zoposa apo: Jazz Bass yake ya mu 1962 anaizula ma fret (timizere tachitsulo ta pakhosi), n'kupaka pakhosi pake guluu wolimba wa epoxy wa maboti kuti nsambo zisadye thabwa. Wogulitsa zinthu zakale akanati waiononga. Nayonso inabedwa ku New York mu 1986, n'kudzapezeka patapita zaka zambiri mwini wake atamwalira kale, ndipo Robert Trujillo wa gulu la Metallica ndi amene anathandiza kuti ibwerere pafupi ndi banja lake. Ine sindidziyerekeza ndi akatswiri amenewa ngakhale pang'ono. Ndikungonena kuti chimene chinawamanga ku zida zawo ndi chomwe chandimanga ku yanga: dzanja linazolowera khosi limodzi, khutu linazolowera liwu limodzi, ndipo ukagwira ina, ngakhale yokwera mtengo kuposa, umayamba waganiza kumene uike chala m'malo moganiza nyimbo.

Woimba ng'oma wa m'bandi yathu amaizindikira asanatembenuke n'komwe. Ndikabwera ndi besi ina amandiuza kuti pansi pa nyimbo pachita mphako. Mawu amenewa ndi ake, ndipo ndaona kuti ndi bwino muwamve.

Palinso chifukwa china chimene sindiopera kuigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Leo Fender sanali woimba gitala. Anayamba ndi kukonza mawailesi ku Fullerton ku California, ndipo zida zake anazipanga ndi maganizo a munthu wodziwa kuti chinthu chimaonongeka ndipo chiyenera kukonzeka. Khosi limagwidwa ndi masikuluwu anayi, mawaya ali pansi pa kachitsulo komasula mosavuta, ndipo truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi, imalola kuwongola khosi nyengo ikasintha. Mmisiri aliyense wodziwa magitala angaitsegule n'kumvetsa zimene akuona. Kampani yanu inadutsa m'manja osiyanasiyana, inagulitsidwa ku kampani ya CBS mu 1965, n'kudzagulidwanso ndi ogwira ntchito ake motsogozedwa ndi Bill Schultz mu 1985, koma maganizo amenewa sanatayike. Besi yopangidwa zochepa ikanakhalanso yovuta kukonza, bwenzi ndikuisunga m'bokosi ngati ena aja.

Pachifukwa chimenechi ndili ndi pempho limodzi. Chonde musasiye kupanga zipangizo zosinthira za besi zoterezi, makamaka mabatani osanjikiza aja ndi zitsulo zake za m'kati. Ndi zimene zimayamba kutha pa chida chogwira ntchito, ndipo sizipezeka paliponse ngati za mabatani atatu. Ife amene tinasankha kuziimba besi zimenezi tidzazifuna m'tsogolomu.

Ngati n'kotheka, kalatayi ifikenso kwa amisiri a ku Ensenada. Sindiwadziwa mayina, koma alipo amene anapala khosi ili, wina anakhoma ma fret n'kuwasalaza m'mbali kuti asacheke chala, wina analumikiza mawaya, wina anapopera penti, wina anaitchuna n'kuimvetsera isanalowe m'katoni. Muwauze kuti imodzi mwa besi zimene anapanga mu 2020 ikuimbidwa sabata iliyonse, ndipo mwini wake sakuganiza zoigulitsa.

Zikomo kwambiri chifukwa cha ntchito yanu.

Ine wanu mokhulupirika,
Woimba besi gitala