Katundu wanga asakwere ngolo

Johannesburg

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mpongozi wanu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Mundiperekere moni kwa amalume ndi onse pamudzi. Achemwali, inu amene mukuwawerengera amayi kalatayi, musadumphe mzere ngakhale umodzi, ndipo mng'ono wanga akhale pomwepo amve yekha.

Ndalandira Lachisanu lapitali ndipo ndamaliza kulipira leyibayi ya katundu uja. Masofa atatu, wadirobu ya galasi pakati, displeyi, bedi ya dabulo ndi matiresi ake, zonse zatuluka m'sitolo, zili kwa transipota. Akuti anyamuka sabata yamawa lole ikadzaza.

Koma mtima wanga suli m'malo. Mu August ndinatumiza ndalama ya matumba 10 a simenti ndi ya mmisiri kuti pabalaza ndi kuchipinda kwanu patsiridwe fulowa katunduyu asanafike. Munthu wakwathu amene wabwera pa basi masiku apitawa wandiuza kuti pabalaza mpaka lero ndi pozira ndi dothi, ndipo matumba amene anawaona pakona ndi 4 okha. Enawo ali kuti? Wandiuzanso kuti mng'ono wangayo ali ndi foni yatsopano ndipo madzulo sasowa pa tiledingi. Sindikuti waba, koma kabaza amene amayendetsa uja ndikumudziwa, sangagule foni m'mwezi umodzi. Ine kuno ndimadzuka kukadali mdima kukaima pamzere wa takisi, ndimagona m'kachipinda ka malata ndi anzanga, ndikaona galimoto ya apolisi mtima umagunda poopa Lindela, kumene amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Ndalama imeneyo ndi thukuta langa, Amayi.

Tsono mvetserani. Lole idzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Tsiku lenileni palibe angalinene chifukwa pa Beitbridge pokha malole amagonapo. Msonkho wa pa Mwanza ndamupatsa kale transipota pamodzi ndi ndalama yake yonse. Wina akakuimbirani foni kuti katundu wagwidwa paboda, tumizani kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money, musatumize ngakhale tambala. Dulani foni n'kundiimbira ine. Akuba a mtundu umenewu alipo ambiri, ndipo amadziwa kulankhula mwaulemu.

Loleyo ikupita ku Lilongwe, ndiye ikhotera pa Zalewa, idutsa Phalula n'kudzatsitsa zathu pa Manjawira. Siichoka pa tala, dalaivala wanenetsa. Sadikiranso munthu. Adzaimba akamachoka pa Mwanza, ndipo nthawi imeneyo kalole kodzatengera katunduyo kumudzi kakhale katanyamuka kale, ngakhale pakhale pakati pa usiku. Anyamata anayi amphamvu, zingwe, lona, tochi ndi mabulangete akale aja a m'bokosi.

Ndatumiza K180,000 pa Mukuru m'dzina la mpongozi wanu. Akatenge yekha ndi chiphaso chake cha unzika, abwere nayo kwa inu, muisunge inuyo. Ndi ya kalole, mafuta ake ndi anyamata onyamula basi. Si ya feteleza, si ya maliro, si yobwereketsa munthu. Ya feteleza ndidzatumiza payokha kumapeto kwa mwezi. Ndikudziwa kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu kumeneko zimakwera tsiku ndi tsiku, ndiye ikaperewera mundiuze mtengo weniweni ndipo mwini kalole ndilankhule naye ndekha.

Ndikudziwanso zimene ena akuganiza kale, kuti tingobwereka ngolo ya amalume, ndalama ya kaloleyo itsale. Ayi ndithu. Katundu wanga asakwere ngolo. Msewu wathu uja ndikuudziwa, miyala ya pachitsikiro paja ndi mchenga wa pamtsinje. Galasi la wadirobu ndi magalasi a displeyi sizingafike zamoyo. Ndipo matabwa akewo si mlombwa ngati tebulo la malemu bambo. Ndi chipibodi, utuchi womata. Likagwa pansi limatheka m'makona, madzi akalikhudza limafufuma osabwereranso. N'chifukwa chake ndathamangira kuti zifike mvula isanayambe. Mitambo ikangoda, lona pamwamba msanga.

Wadirobu ndi displeyi ziime chilili kumbuyo kwa kabini, bulangete pagalasi, zomangidwa zolimba. Pansi pa chingwe muikepo katoni kuti chisadye nsalu ya sofa. Munthu asakwere pamwamba pa katundu, ngakhale mwana. Ofuna lifiti ndi matumba awo a chimanga muwakanize, kalole ndalipira ine.

Dalaivala wa loleyo asanachoke muwerenge. Zonse pamodzi ndi mitolo 9, uliwonse ndalembapo nambala yanga ndi maka yakuda. Mwa mitoloyo muli kathumba ka masikuluwu ndi miyendo ya bedi, kaja n'kosavuta kusowa, achemwali kakhale m'manja mwanu. Mujambule chilichonse pomwepo pamsewu n'kunditumizira pa WhatsApp. Ngati china chasweka kapena chasowa ndidziwe nthawi yomweyo, chifukwa lole ikangodutsa Ntcheu transipota adzati munaswa ndi inu.

Kuno kwayamba kutentha, mitengo ya jakaranda yachita maluwa m'misewu. Ndikuganiza mango a kuseri kwa khola ayenera kuti ayamba kukula. Ufa wa m'mapepala wa kuno ndatopa nawo, ndikulakalaka nsima ya ufa woyera wokonola inuyo, ya nkhwani wotendera. Ana akusukulu akupita? Wamkuluyo asamajombe chifukwa choweta mbuzi.

Chitseko chija muchiyeze lero ndi chingwe. Sofa wamkuluyo ndi wa anthu atatu, kutalika pafupifupi mamita 2, ndipo chitseko chathu n'chopapatiza. Miyendo yake imamasuka mukaipotokola ndi dzanja. Muimasule, muchotse chitseko m'mahinjesi, sofayo alowe chammbali pang'onopang'ono. Wina asayerekeze kugumula felemu kapena kukankha mokakamiza. Akakanika, aikidwe kaye pakhonde atafundidwa lona mpaka mmisiri abwere.

Ngati fulowa idzakhale isanathe, musachotse mapulasitiki. Musanje njerwa zowotcha pansi, katundu akhale pamwamba, atalikirane ndi khoma. Chiswe cha m'nyumba muja chinadya chitseko cha kuchipinda chaka chimodzi chokha, ndiye chipibodi sichingachedwe nacho. Ndipo masofawo asayambe kuyenda m'maukwati ndi m'zinkhoswe za anthu, ngakhale apemphe ndi amfumu. Muziti mwini wake anakaniza.

Bediyo ndi yanu, Amayi. Msana wanu uja sukufunanso mphasa. Musapatse alendo, musasungire ine, muzigonapo inuyo kuyambira tsiku lomwe ifike.

Za simenti sindinathe nazo. Amalume amukhazike pansi mng'ono wanga sabata ino, anene pamaso panu kumene kunapita matumba 6 ndi ndalama ya mmisiri. Ngati anagula, malisiti ajambulidwe ndiwaone lisanafike Lamulungu. Ngati anadya, agulitse foniyo agule simenti, ndipo tsiku la katundu adzanyamule nawo koma ndalama asaigwire.

Ndine mwana wanu,
ku Joni