Lipoti la ulendo wanga wa ku Batumi kokawerenga mbalame zolusa

A wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Ndabwerako bwino, ndipo malisiti onse a alawansi ali kale m'manja mwa a msungichuma. Ndayambira pamenepa chifukwa ndinamva kuti ena ankati ndangopita kokaona dziko. Werengani kaye, muweruze pambuyo.

Batumi ndi mzinda wa ku Georgia, m'mphepete mwa nyanja ya Black Sea. Mbalame zolusa zikamathawa chisanu cha kumpoto sizikonda kuwoloka nyanja, chifukwa pamwamba pa madzi palibe mpweya wotentha wozikweza m'mwamba. Uku nyanja, uku mapiri a Lesser Caucasus, ndiye zonse zimapanikizana pampata umodzi. Kuyambira 2008 anthu ongodzipereka akhala akuziwerenga pamenepo kuchokera pakati pa Ogasiti mpaka mu Okutobala, ndipo nyengo imodzi zimadutsa zoposa 1,000,000.

Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi maphunziro a kalembedwe ka makalata opempha thandizo. Panalibe chachilendo.

Chimene sindidzaiwala ndi tsiku limene tinakwera kumalo owerengera a Sakhalvasho. M'mamawa kumwamba kunali zii. Dzuwa litayamba kutentha, ndinaona timadontho takuda pamwamba pa phiri, kenako thambo lonse linadzaza mbalame zotchedwa steppe buzzard, zikuzungulira ngati masamba m'kamvulumvulu. Ine ndi changu changa ndinayamba kudina kachida kowerengera. Mayi wina amene wakhala pantchitoyi zaka zambiri anandigwira dzanja n'kundiuza kuti zikamazungulira sawerenga, chifukwa mbalame imodzi uiwerenga katatu. Umadikira zifike pamwamba, ziyambe kutsetsereka pamzere, apo ndiye umawerenga, kudina kamodzi pa mbalame khumi. Nthawi yonseyo wailesi ya m'manja inali kulira: anzathu a pamalo achiwiri a Shuamta akufunsa ngati gulu lakutilakuti taliwerenga kale, kuti lisalembedwe kawiri. Pofika madzulo chala chinali chitachita dzanzi, khosi likuwawa, koma mtima uli mbee.

Za honey buzzard, zodya ana a mavu zija, ndinangomva nkhani, poti unyinji wake umadutsa kumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala. Chinandiwawa n'kulira kwa mfuti m'mapiri apafupi. Mbalame yayenda mtunda wonsewo n'kudzathera pachipolopolo!

Pazokambirana tinagwirizana kuti chiwerengero chopanda tsiku, malo, maola amene munthu anakhala akuyang'ana ndi mmene kunja kunachera, chilibe ntchito. Ine ndinavomereza ndi mtima wonse. Pomwe sindinagwirizane nawo n'poti aliyense asiye mapepala azilemba pafoni pokha. Foni imatha moto, ndipo amene alibe foni yotere tisamutsekere kunja. Ndinanena zimenezi poyera, ngakhale ambiri sanandimvere.

Tsono tibwere kwa ife. Ma steppe buzzard omwewa ndi ziwombankhanga za lesser spotted eagle zimathera ulendo wake kuno kum'mwera kwa Africa, ndipo ziwombankhangazo zimakonda ngumbi mvula ikayamba. Anzathu a ku Batumi akudziwa kuti zanyamuka zingati. Nanga ife tikudziwa kuti zafika zingati? Anandifunsa funso limeneli, ndinasowa choyankha. Chaka chatha tinatuluka kangati? Buku lathu lolembamo linapita ndi membala wina ndipo mpaka lero silinabwerere, koma pamsonkhano uliwonse nkhaniyi timangoilumpha. Zoonera patali za bungwe nazo zimangokhala m'kabati ya munthu mmodzi, achinyamata akafuna kubwereka amauzidwa kuti awononga. Zinagulidwa kuti zisungidwe kodi?

Ena adzati ife tilibe mpata ngati wa ku Batumi, ndiye kuwerenga n'kutaya nthawi. Ndikukana. Malo amodzi, tsiku lomwelo sabata iliyonse, maola omwewo, chaka ndi chaka, ndizo zimaonetsa ngati mbalame zikuchepa. Ndabwera ndi tizida towerengera tiwiri togula ndi ndalama zanga, ndipo ndine wokonzeka kuphunzitsa aliyense. Ndikupempha a mlembi aike nkhani ya bukulo ndi ya zoonera patali pamndandanda wa msonkhano wotsatira, Okutobala asanathe.