Milatho ya njanji yosiyidwa imafunabe chisamaliro

A Mkonzi,

Sitima zikaleka kudutsa pa mlatho wa pamwamba pa msewu, njanji zimazulidwa, koma zitsulo zonyamula ndi zipupa za m'mbali zimatsala. Milatho yakalekale mumaizindikira ndi mitu yobulungira ya misomali yokhomedwa ili yamoto. Zowotcherera zinabwera pambuyo.

Chomwe chimaiwononga ndi madzi. Timabowo totulutsira madzi m'chipupa tikatsekeka, dothi la kuseri limalemera, chipupa n'kuyamba kufufuma. Mizu ya mitengo imakulitsa ming'alu. Dzimbiri nalo limayambira pobisika, pomwe chitsulo chatsamira pa mwala, n'kumatupa mpaka kung'amba njerwa.

Eni ake aziiyendera chaka ndi chaka, kudula mitengoyo, kutsegula timabowo, ndi kugogoda misomali ndi hamala, pakuti yogwedera imalira mosiyana. Chikwangwani cha msinkhu wa mlatho chisachotsedwe, malole ataliatali amauwombabe.

Wowerenga wanu