Ndege yomwe inkamwa mafuta a nsatsi

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Amayi ako andiuza kuti ndege ikangolira kumwamba umasiya nsima n'kuthamangira panja. Ndiye lero ndikusimbire za ndege ina yakalekale, ya pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija inayamba mu 1914 n'kutha mu 1918.

Dzina lake inali Sopwith Camel, ya Angerezi, ndipo inalowa m'nkhondo ku France mu 1917. Mapiko ake anali osanjikizana, ena pamwamba ena pansi, ogwirizitsa ndi timitengo ndi mawaya. Thupi lake silinali lachitsulo ngati ndege za lero. Ankalumikiza timatabwa n'kukutira nsalu, kenako n'kupaka mankhwala kuti nsaluyo ikungike ngati chikopa cha ng'oma. Poliza injini panalibe za kiyi. Makaniko ankagwira ndi manja pulopela, chija chimazungulira kutsogolo kwa ndege, kuikoka mwamphamvu, n'kudumphira kumbuyo msangamsanga.

Tsono tamvera izi. Ukuzidziwa nsatsi zija zamera kuseri kwa khola? Mafuta a nsatsi ndi amene ankathira mu injini kuti zitsulo zisakhulane. (Iwe njere zake usadzayerekeze kutafuna, ndi poizoni.) Injiniyo inkazungulira yonse pamodzi ndi pulopela, ndiye inkangolavula mafutawo. Woyendetsa, poti ankakhala yekha pamtetete popanda denga, ankawalandira kumaso konseku. Ankavala magalasi, chipewa chachikopa ndi mpango m'khosi, womwe ankapukutiranso magalasiwo. Amati ena ankameza mafuta ambiri mpaka kutsegula m'mimba. Usaseke kwambiri, kumwambako kunkazizira koopsa moti zala zinkachita dzanzi.

Ndegeyi inkathamanga makilomita pafupifupi 180 pa ola, koma inali yaliuma. Chifukwa cha kuzungulira kwa injini kuja, inkakhotera kumanja mwadzidzidzi, ndipo anyamata ambiri anagwa nayo akuphunzira kumene, adani asanawaone n'komwe. Ambiri anali a zaka 19 kapena 20 basi. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti akuluakulu awo sankawapatsa parachuti, chiambulera chija munthu amatsika nacho ndege ikawonongeka. Oyendetsa ndege a ku Germany anayamba kulandira mu 1918, koma anzawo a ku Britain nkhondo inachita kutha asanapatsidwe.

Ukabwera pa holide tidzapanga yathu ya mapesi. Uyambiretu kutola timawaya, ndipo upemphe kansalu kakutha kwa amayi ako. Uwapatsenso moni.

Ndine agogo ako.