Lipoti la Msonkhano: Chotupa cha Pachipumi ndi Zimene Chimachita ku Ubongo

Apampando ndi mamembala nonse, ndikuthokozeni pondikhulupirira n'kundituma kukakuimirani ku msonkhano wa madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi, omwe anakumana pamodzi ndi anzawo a opaleshoni ya ubongo. Zokambirana zinali zambiri, ndipo za zida zatsopano zounikira m'mphuno ndi za kasungidwe ka mafayilo a odwala ndidzakufotokozerani pakamwa. Lipotili ndalisungira nkhani imodzi yomwe inandikhala mumtima kuyambira tsiku lomwe ndinaimva, nkhani ya matenda a fupa la pachipumi mwa akuluakulu ndi mmene amalowerera mpaka ku ubongo.

M'mabuku matendawa amatchedwa Pott's puffy tumour, kutengera dzina la Percivall Pott, dokotala wa opaleshoni wa ku London yemwe anawafotokoza m'zaka za m'ma 1760. Dzinali limasocheretsa anthu, chifukwa si khansa ayi. Kuseri kwa chipumi, pamwamba pa nsidze, fupa lili ndi mphako ya mpweya yotchedwa frontal sinus, yomwe imatsegukira m'mphuno. Mphako imeneyi ikatsekeka n'kudzaza mafinya, kapena munthu akavulala pachipumi, mabakiteriya amatha kulowa m'fupa lenilenilo n'kuyamba kulidya. Mafinya akaboola cha kutsogolo amasonkhana pansi pa nembanemba yokuta fupa, ndipo chipumi chimatupa, chofewa ukachikhudza, chopweteka. Chimene ife timaona ndi chimenechi. Koma khoma la kumbuyo kwa mphakoyo ndi lopyapyala kuposa la kutsogolo, ndipo kuseri kwake kuli ubongo.

Chinandidabwitsa n'chakuti sipafunika kuti fupa libooke kuti matenda alowe mkati. M'kati mwa mafupa a chigaza mumadutsa timitsempha ta magazi topanda mavalavu, choncho magazi amatha kuyenda mbali zonse ziwiri. Timitsemphati tikagwidwa ndi matenda, timanyamula mabakiteriya kuchoka mu sinus kukawatula mkati mwa chigaza, fupa likuoneka labwinobwino pa chithunzi. Ambiri a ife tinaphunzira kuti awa ndi matenda a achinyamata, ndipo n'zoona kuti amapezeka kwambiri pa msinkhu umenewo. Vuto n'lakuti chiphunzitso chomwecho chimatichititsa kuti tisawaganizire tikaona bambo kapena mayi wazaka 50.

Mwa akuluakulu nthawi zambiri pamakhala china chomwe chatsegula njira. Ena ali ndi sinusitis ya mgonagona, kutanthauza kutupa kosatha kwa mphako za mpweya zotsegukira m'mphuno, ena anachitidwapo opaleshoni ya m'mphuno kapena ya m'chigaza zaka zapitazo, ena anamenyetsa chipumi pa ngozi n'kuiwala. Matenda a shuga, chitetezo cha mthupi chotsika, ndi kufwenkha mankhwala ozunguza bongo ngati cocaine m'mphuno, zonsezi zinatchulidwa. Ndipo mwa iwo matendawa amatha kuyenda mwakachetechete. Thupi mwina silitentha. Chotupa chimabwera, chimaphwa akamwa maantibayotiki, kenako chimabweranso. Ena chimaphulika chokha n'kusiya kabowo kotuluka mafinya miyezi yambiri, iwo akumangomata pulasitala.

Dokotala wa opaleshoni ya ubongo anatiyendetsa m'zithunzi za sikani kuchokera pafupa kulowa mkati, ndipo apa mpomwe ndinalemba kwambiri. Mafinya angaime pakati pa fupa ndi dura, nembanemba yolimba yokuta ubongo. Kumeneku ndi kutupa kwa epidural, ndipo popeza dura imamatirira fupa, mafinyawo amakula pang'onopang'ono, wodwala n'kumangodandaula litsipa. Akadutsa dura n'kufika pansi pake ndi subdural empyema, ndipo iyi ndiyo yoopsa mwachangu. Pansi pa dura palibe chotchinga, mafinya amafalikira pamwamba pa ubongo ndi mumpata wa pakati pa zigawo zake ziwiri. Munthu yemwe m'mawa amayankhula bwinobwino akhoza kufika madzulo akugwa khunyu, mbali imodzi yafa, kapena wakomoka. Iyi ndi opaleshoni ya tsiku lomwelo, yosadikira kuti kuche.

Chithupsa cha mkati mwa ubongo weniweni chili ndi msampha wake. Chimakonda kukhala ku chigawo chakutsogolo, chomwe chimalamulira khalidwe, chidwi ndi kulingalira, kotero poyamba manja ndi miyendo zimagwira ntchito bwino. Chosintha ndi munthuyo. Amayamba kusalabadira zinthu, kugona kwambiri, kuiwalaiwala, kupsa mtima popanda chifukwa. Wodwala sangakuuzeni zimenezi yekha. Amene angakuuzeni ndi mkazi wake, mwamuna wake kapena mwana yemwe wabwera naye, ngati mwawafunsa. Ine ndikuvomereza kuti funso lakuti kodi munthuyu wasintha khalidwe masiku ano sindinkalifunsa kwa wodwala wa chotupa cha pachipumi. Tsopano ndizilifunsa. Palinso matenda oumitsa khosi, ndi kuundana kwa magazi mumtsempha waukulu wodutsa pakati pa mutu kuchokera kutsogolo kupita kunkhongo, wotchedwa superior sagittal sinus. Diso nalo silitetezeka, chifukwa pansi pa mphako ija ndi denga la diso, ndipo chikope chimatha kutupa mpaka kutseka.

Uthenga womwe aliyense woyankhula anabwereza ndi wakuti chotupa cha pachipumi chokhala ndi mbiri ya chimfine chosatha, mamina a mafinya kapena litsipa lakutsogolo chijambulidwe kaye tisanachite china chilichonse. Sikani ya CT yokhala ndi mankhwala oonetsa bwino mitsempha imaonetsa fupa lodyeka ndi mmene sinus ilili. Sikani ina ya MRI ndiyo imaposa poona mafinya ochepa pansi pa dura ndi magazi oundana. X-ray wamba ikaoneka bwino isatinamize. Anachenjezanso kwambiri za kutenga madzi a pamsana tisanajambule mutu, chifukwa ngati mkati muli chithupsa chomwe chikukankha ubongo, kuchotsa madziwo kungachititse ubongo kutsetserekera pansi, munthu n'kufa tili naye m'manja.

Kuchita ngati ndi chithupsa wamba, kuchicheka, kufinya n'kumupatsa mapilisi a sabata imodzi, ndiye kulakwitsa komwe kumachitika kawirikawiri. Kutupa kumaphwa, tonse timasangalala, koma fupa lakufa ndi sinus yotsekeka zatsala momwemo. Chithandizo chenicheni ndi opaleshoni pamodzi ndi maantibayotiki a mumtsempha. A mphuno amatsegula sinus kuti izitulutsa mafinya, nthawi zambiri podzera m'mphuno ndi kamera, fupa lowola limachotsedwa, ndipo ngati mkati mwa chigaza muli mafinya a ubongo amatsegula n'kuwatulutsa. Mabakiteriya amakhala osakanikirana, gulu la Streptococcus anginosus, Staphylococcus aureus, ndi ena okhala popanda mpweya, n'chifukwa chake poyambira amaphatikiza mankhwala monga ceftriaxone ndi metronidazole, n'kuwonjezera vancomycin pomwe akukayikira staphylococcus wosamva mankhwala. Mankhwalawa amatenga masabata 6 mpaka 8, nthawi zina kupitirira. Mafinya atumizidwe ku labu, ngakhale kawirikawiri samera kanthu mwa wodwala yemwe anamwa kale maantibayotiki.

Panali kusagwirizana pa za mankhwala osungunula magazi kwa wodwala yemwe mtsempha wake waundana koma wangochitidwa kumene opaleshoni ya mutu. Ena amapereka msanga, ena amadikira poopa kutaya magazi. Anagwirizana chimodzi chokha, kuti chisankhocho achipange a ubongo ndi a mphuno ali pamodzi, poona wodwala aliyense payekha.

Pempho langa kwa inu, Apampando, n'lakuti pa mkumano wathu ukubwerawu mundipatse mphindi 30. Ndikufuna tilembe pepala limodzi lalifupi lopachika m'zipinda zoonera odwala, lonena zizindikiro zomwe wodwala wotupa pachipumi sayenera kubwerera nazo kunyumba: litsipa lomakulirakulira, kusanza, kuuma khosi, khunyu, kufooka mbali imodzi, kusaona bwino ndi kusintha khalidwe. Ndikupemphanso kuti anamwino olandira odwala adzakhalepo, chifukwa ndi iwo amene amayamba kuona chipumicho komanso kuyankhula ndi achibale. Zithunzi za sikani zomwe anatipatsa zophunzitsira ndili nazo, ndipo ndidzabwera nazo tsikulo.